Za Mthunzi Wobwereka ndi Mthunzi Wooka

Abale a m'mbali mwa nyanja, m'mizinda yaikulu ya maiko akutali mwabuka mwambo umene ukhoza kutiseketsa poumva koyamba, koma uyenera kuti tiulingalire mofatsa. Anthu a m'mizindamo atenga kadanga kakang'ono ka m'mbali mwa mseu, pamene paima galimoto imodzi kapena ziwiri, nayalapo kapinga, naikapo benchi ndi timitengo ta m'miphika, kuti aliyense wodutsa akhalepo ndi kupuma. Kwina zinthuzi zikhala tsiku limodzi, kwina miyezi ingapo, ndipo nthawi yake ikatha azichotsa, magalimoto nabwerera pamalo pao. Dzina lake m'Chingerezi ndilo parklet. Ife m'nkhani ino tidzati kabwalo ka pamseu. Ambiri atama kabwaloka, nati ndi mankhwala a nthenda zambiri za m'tauni. Tsono ife tifuna kuzenga mlandu wake monga achitira akulu pabwalo, kumva mbali zonse ziwiri, kuti tione chimene tingatolepo ife a ku Dwambazi, amene mseu wa phula wadutsa pakati pathu.

Chiyambi chake

M'mizinda yambiri ya ku America, munthu wofuna kuimika galimoto m'mbali mwa mseu ayenera kuponya ndalama m'makina oima pomwepo, ndipo potero agula malowo kwa ola limodzi kapena maola awiri. Pa 16 Novembala 2005, mumzinda wa San Francisco, amisiri a kagulu kotchedwa Rebar adaponya ndalama zao m'makina otere, koma sadadze ndi galimoto iai. Adadza ndi kapinga wokulunga ngati mphasa, ndi benchi, ndi mtengo umodzi wa mumphika. Adayala zonsezi paphula, ndipo anthu odutsa adayamba kukhalapo. Maola awiri atakwana, adakulunga kapinga wao, nasesa pamalopo, nachoka.

Chithunzi cha kabwaloko chidafalikira pa intaneti, ndipo anthu a m'mizinda ina adafuna kuchita chomwecho. Kuyambira 2006 ntchitoyi idasanduka mwambo wa chaka ndi chaka, wotchedwa Parking Day, wochitika Lachisanu lachitatu la mwezi wa Seputembala. M'chaka cha 2011 mudayalidwa timabwalo 975 m'mizinda 162 ya m'maiko 35. Akulu a mzinda wa San Francisco nawonso, poona kuti anthu akondwera, adayamba m'chaka cha 2010 kupereka chilolezo chomanga timabwalo ta matabwa tokhalitsa pang'ono. Ndipo mizinda ina idatsata, monga São Paulo wa ku Brazil, umene udaika malamulo ake a timabwalo m'chaka cha 2014.

Zokoma zake

Tisafulumire kuseka, pakuti m'kanthu kakang'onoka muli nzeru zitatu zoyenera kuyamikidwa.

Yoyamba ndi iyi, kuti kabwaloka katsegula maso. Malo oimikapo galimoto imodzi ndi a mamita ngati 6 m'litali ndi awiri ndi theka m'lifupi. Ndiko kuti alingana ndi kanyumba ka chipinda chimodzi. Galimoto iima pamenepo tsiku lonse yopanda munthu m'kati, mwini wake ali kuntchito. Koma pamalo omwewo pakhoza kukhala anthu khumi ndi kucheza. Anthu a m'tauni adazolowera kuona magalimoto ali ndandanda m'mbali mwa mseu, kotero kuti adaleka kufunsa ngati nkoyenera. Adaiwala kuti miseu idakhalako magalimoto asanabwere, ndi kuti kale ana adasewera m'menemo, amalonda nayala malonda ao. Benchi limodzi la paphula lidautsa funso limene lidagona zaka zambiri: kodi mseu ngwa yani?

Yachiwiri ndi iyi, kuti kuyesa kuthetsa makani. Anthu akatsutsana ngati m'ndiwo muli mchere wokwana, sakhala tsiku lonse akukangana; wina angolawa. Chomwecho chidachitika mumzinda wa New York m'mwezi wa Meyi 2009, pamene mai Janette Sadik-Khan, mkulu woyang'anira miseu ya mzindawo, adatsekera magalimoto chigawo cha mseu wa Broadway pamalo otchuka a Times Square. Ambiri adachita mantha, nati magalimoto adzathinana ndipo malonda adzafa. Akuluwo sadayambe ndi kumanga kanthu ka mtengo wapatali. Pamalopo padangoikidwa mipando yopinda 376 yotsika mtengo, ndi lonjezo lakuti zinthu zikaipa mseu udzatsegulidwanso. Anthu adadzaza mipandoyo. Atawerenga bwino, adapeza kuti oyenda pansi ovulala pamalopo achepa ndi 35 pa 100 alionse. Ndipo m'mwezi wa Febuluwale 2010 mfumu ya mzindawo, Michael Bloomberg, idalengeza kuti malowo akhala a oyenda pansi chikhalire. Pambuyo pake adawamanga ndi miyala. Taonani, mipando ya masiku owerengeka idabala bwalo la zaka zambiri.

Yachitatu ndi iyi, kuti pokhala pakumanitsa anthu. M'tauni munthu akhoza kugona zaka zisanu khoma limodzi ndi mnzake osadziwa dzina lake, chifukwa palibe pamene angakumane osathamanga. Nkhalamba iopa kutuluka m'nyumba pokhala palibe popumira panjira. Mai wa khanda asowa pomuyamwitsira. Wosauka akatopa ayenera kugula kanthu kuti aloledwe kukhala pampando. Pamene pali benchi laulere ndi kamthunzi, onsewa atuluka, naonana nkhope, ndipo wamalonda wapafupi apindula nawo. Mzinda wa Bogotá ku Colombia udayamba m'chaka cha 1974 kutsekera magalimoto miseu ina tsiku la Sabata, ndipo mwambowo udakula kufikira miseu yoposa makilomita 120. Ku Cape Town adayesa zomwezo m'chaka cha 2013 m'dera la Observatory, pambuyo pake ku Langa. Kapena ana athu ena ogwira ntchito kumeneko adaziona ndi maso.

Zoperewera zake

Komatu mlandu sugamulidwa pomva mboni za mbali imodzi. Tiyeni timve zotsutsa, zimenenso zili zitatu.

Choyamba, kabwalo ka pamseu kalibe mthunzi weniweni. Mtengo uziziritsa malo m'njira ziwiri. Nthambi zake zitchinga dzuwa kuti lisaotche phula, njerwa ndi malata, zimene zikamwa kutentha usana zikutulutsanso madzulo. Ndiponso mizu yake ikoka madzi pansi pa nthaka, masamba nawatulutsa ngati nthunzi yosaoneka, ndipo potero mpweya wapafupi uzizira, monga thupi la munthu lizizira ndi thukuta. Ntchito ziwirizi zifuna nthambi zotambalala ndi mizu yozama. Nanga mtengo wa mumphika uli nazo kodi? Mizu yake izungulira m'kati mwa mphika ngati njoka m'dengu, ndipo ukapanda kuthiriridwa masiku owerengeka ufota. Pachithunzi uoneka wobiriwira ndi wokongola, koma chithunzi sichiziziritsa munthu. Akulu adati mlendo ndi mame. Ndipo mtengo wobwera pangolo m'mawa, nuchoka madzulo, ndi mlendo ndithu.

Chachiwiri, pali mlandu wa mwini. Ku San Francisco lamulo la poyamba lidati mwini sitolo kapena nyumba yodyera ndiye amange kabwalo ndi ndalama zake ndi kukasamala, koma aliyense akhalepo kwaulere, ndipo padziikidwa chikwangwani chonena zimenezi. Lamuloli lidali labwino, koma lidabala zovuta ziwiri. Munthu wosauka akaona mipando yokongola pakhomo pa nyumba yodyera ya anthu olemera, achita manyazi, nadutsa, chikwangwanicho chili pomwepo. Ndiponso, popeza womanga ndi mwini sitolo, timabwalo tichuluka kumene kuli masitolo a ndalama, ndipo tisowa kumene kukhala amphawi, amene ndiwo apsa ndi dzuwa koposa. Tsono m'chaka cha 2020, pa mliri wa Covid-19, nyumba zodyera zidaloledwa kutulutsa matebulo ao kumseu kuti anthu asathinane m'kati. Ndipo m'chaka cha 2021 akulu a mzindawo adavomereza kuti chilolezocho chipitirire. Malo ambiri otere adasanduka zipinda zodyeramo ogula. Sitinena kuti eni nyumbazo adachimwa, pakuti adali kupulumutsa malonda ao pa nthawi ya tsoka. Tingoti malo amene adalandidwa kwa galimoto m'dzina la anthu onse adagwera m'manja mwa ochepa.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, chinthu chakanthawi chikhoza kugoneka anthu tulo. Nkosavuta kwa akulu a mzinda kuyala kapinga tsiku limodzi, kujambulitsa zithunzi ndi kulandira matamando, pamene masiku 364 otsalawo phula lili lokhalokha, ndipo mitengo yaikulu ili kugwa kuseri. Tisapite kutali. Pamene likulu la dziko lathu lidachoka ku Zomba kunka ku Lilongwe m'chaka cha 1975, mzinda watsopanowo udakonzedwa kuti ukhale wa mitengo ndi madanga obiriwira pakati pa nyumba. Koma m'chaka cha 2021 mitengo yaikulu ya m'mbali mwa mseu wa Kenyatta idagwetsedwa pofuna kukuza mseuwo, ndipo anthu ambiri adadandaula. Sitikana kuti mzinda wokula ufuna miseu yotakata. Koma tifunsa, kodi ndi miphika ingati ya maluwa imene ingabweze mthunzi wa mbawa imodzi yokhwima?

Ku Nairobi, m'dziko la Kenya, zidayenda mwina. M'chaka cha 1989 mai Wangari Maathai adakaniza kumanga nyumba ya nsanjika 60 m'bwalo la anthu onse lotchedwa Uhuru Park. Adanyozedwa kwambiri, koma nyumbayo sidamangidwe. Ndipo m'mwezi wa Novembala 2020, pamene mkuyu wakale wa m'dera la Westlands udati uchotsedwe chifukwa cha mseu watsopano, anthu adaulirira kufikira mtsogoleri wa dzikolo, Uhuru Kenyatta, adalamula kuti usakhudzidwe. Ife tiyesa kuti anthu amene adaimira mtengo umodzi wokhazikika adasiyira adzukulu ao chuma choposa cha timabwalo tambirimbiri ta tsiku limodzi.

Chigamulo

Nanga tigamule bwanji? Alimi a mpunga a m'boma lathu la Nkhotakota adziwa yankho. Nazale ndi yabwino ndi yofunika. Imera msanga, ibiriwira mokondweretsa maso, ndipo mlimi aona pomwepo ngati mbeu yake ili yamoyo. Koma palibe munthu adakololapo mpunga panazale. Mbande zikapanda kuokedwa m'munda, kubiriwira konse kuja nkwachabe. Chomwechonso kabwalo ka pamseu: kali ndi phindu pamene katsogolera ku chinthu chokhazikika, monga mipando ya ku New York, koma kakangobwera ndi kuchoka chaka ndi chaka, ndi masewera a anthu okhuta. Chifukwa chake malo alionse otere tiwayese ndi mafunso atatu. Kodi wopanda ndalama akhoza kukhalapo wopanda manyazi? Kodi adziwika amene athirira ndi kusesa? Ndipo zaka makumi awiri zikapita, padzatsala chiyani?

Chimene makolo adatisiyira

Tikayesa ndi mafunso atatuwa, tidzaona kuti chimene anthu a ku San Francisco adabwereka maola awiri ndi ndalama, makolo athu adali nacho kwaulere. Ku Nkhotakota udatchuka mkuyu umene David Livingstone adakhala patsinde pake m'chaka cha 1863, polankhula ndi Jumbe za malonda a akapolo. Mau ake sadaphule kanthu pa nthawiyo, pakuti malondawo adapitirira zaka zina ngati 30. Koma tifunse, chifukwa ninji anthu awiri osiyana mtundu ndi chinenero adakumana patsinde pa mtengo? Chifukwa pamenepo ndipo pokumanira anthu. Amene adaoka mkuyuwo, kapena amene adauleka pogwetsa inzake, dzina lake laiwalika. Koma zaka zoposa 160 zapita, ndipo mtengowo utchulidwabe pakati pa zikumbutso za dziko.

Mudzi uliwonse udali ndi mtengo wake wotere. Pomanga mudzi watsopano akulu adazika nthambi ya kachere pakati, pakuti kachere aphuka pa nthambi yozika, ndipo bwalo lidakula pamodzi ndi mudzi. Pamenepo adazenga milandu, naluka mphasa, nasoka maukonde, nasewera bawo, navina pa nthawi ya chikondwerero. Mlendo wotopa adafikira pomwepo, nadikira kuti amlonjere. Ngakhale lero sikelo ya ana, banki m'khonde ndi msonkhano wa alangizi zifuna mthunzi womwewo. Palibe adalipirapo kuti akhale pabwalo. Aliyense adadziwa kuti ndi la mudzi, losungidwa ndi mfumu. Ndipo lidakhala mibadwo.

Sitifuna kukometsa zakale kopitirira. Pabwalo lakale amai kawirikawiri adakhala kumbali, pamphepete pa mthunzi, amuna ali patsinde; ichi sichiyenera kubwerezedwa pamalo atsopano. Ndiponso ana ophunzira pansi pa mtengo chifukwa chosowa chipinda sali pamtendere iai. Mvula ikagwa sukulu itha, ndipo afunika nyumba. Koma zolakwa izi sizichotsa ubwino wa bwalo lenilenilo.

Ngozi imene ili pakhomo pathu

Wina adzati, Nanga ife a ku Dwambazi zitikhudza bwanji, popeza kuno si mzinda? Zoona, kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu oposa 17 miliyoni a m'Malawi, 16 okha pa 100 alionse ndiwo adali m'matauni. Komatu mzinda subadwa uli waukulu. Uyamba ndi sitolo imodzi m'mbali mwa mseu, ndi chigayo, ndi poima maminibasi. Mseu wa M5, wochokera ku Salima, wodzera ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa kunka ku Nkhata Bay, uli kukoka anthu kuchoka m'midzi kudza kuphula, ndipo malo a m'mbali mwake, amene kale adali opempha, tsopano ali ndi mtengo wake wa ndalama.

Mthunzi wa pamalo otere sutha tsiku limodzi, ndipo palibe msonkhano umene ugamula kuti uthe. Uyu agula kamalo, nagwetsa mtengo wa mango kuti amange sitolo. Uyo afuna nkhuni zootchera njerwa. Wina afuna zowambira nsomba. Winanso aona tsinde loyenera bwato. Yense ali ndi chifukwa chomveka, ndipo palibe woipa pakati pao. Koma zaka khumi zikapita, amai ogulitsa usipa, chinangwa ndi matimati akhala padzuwa la Okutobala, atapachika chitenje pamitengo iwiri youma. Odikira minibasi aunjikana pakhonde pa sitolo, nayang'ana pansi chifukwa sadagule kanthu. Ana aima pamphepete penipeni pa phula, pamene malole adutsa ndi liwiro. Imeneyo ndiyo njira yomwe idayendedwa ndi mizinda yaikulu ija. Tikaitsata kufikira kumapeto, adzukulu athu adzabwereka mthunzi ndi ndalama.

Ndipo pali chinthu chomvetsa chisoni. Kuyambira kale amuna a m'mbali mwa nyanja muno apita ku Harare ndi ku Johannesburg kukafuna ntchito, ndipo ambiri a iwo asamala minda ya maluwa ya eni nyumba kumeneko. Adziwa kuoka, kudulira ndi kuthirira. Manja ao abiriwitsa mabwalo a eni. Kodi nkosatheka kuti luso lomwelo libiriwitse pamsika pa kwao?

Chimene tingachite

Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kamene tingabwereke kwa alendowa ndiko kuyesa poyamba ndi zinthu zotsika mtengo. Koma ife tisalekere pomwepo.

Poyamba, pemphani mfumu kuti ilole kuyesa. Sankhani malo amene anthu aima kale podikira galimoto kapena pogula, pakuti benchi loikidwa kumene sikupita anthu likhala la mbuzi. Mangani chisakasa cha bango kapena cha udzu, ikani mabenchi awiri ndi mtsuko wa madzi, ndipo penyani mwezi wathunthu amene akhalapo, ndi nthawi yake. Malowo atalikire phula, kuti mwana akathamanga asagwere pagalimoto. Funsani akhonsolo pamene pathera malire a mseu, ndipo penyani kumene kwadzera mawaya a magetsi, kuti mtengo wanu usadzadulidwe utakula.

Kachiwiri, mukaona kuti anthu akonda malowo, apatuleni pamaso pa mboni, ndipo zilembedwe. Chiyambire malamulo a malo a 2016, amene alola munthu kulembetsa malo a makolo m'dzina lake, pepala lili ndi mphamvu yoposa kale. Mau a pakamwa amwalira pamodzi ndi amene adawamva. Ndipo malo a onse osalembedwa, tsiku lina adzapezeka ndi mwini. Mfumu, komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi akhonsolo adziwe malire ake, ndipo pangodya zake pazikidwe zizindikiro.

Kachitatu, okani mitengo pambali pa chisakasacho mvula ikakhazikika. Nyengo yooka mitengo m'dziko lathu iyamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, koma wooka molawirira apatsa mtengo wake miyezi yambiri ya mvula. Msikidzi uli ndi mthunzi wandiweyani chaka chonse. Mbawa ikula yaitali ndi yolimba. Mango apatsa mthunzi ndi zipatso pamodzi. Mkuyu ndi kachere ndiyo mafumu a mthunzi, koma mizu yao ing'amba makoma ndi zitsime, chotero ifuna danga lalikulu. Bulugamu alekeni kumunda wa mitengo ya milimo, pakuti mthunzi wake ngwopyapyala ndipo aumitsa nthaka. Tchingani mbande iliyonse ndi minga kapena njerwa chifukwa cha mbuzi, ndipo muithirire chilimwe choyamba ndi chachiwiri.

Pano tichenjezane. Chaka ndi chaka tiona mwambo wooka mitengo: alendo olemekezeka afika, nagwira khasu, najambulidwa, nachoka, ndipo pofika Seputembala patsala timitengo touma. Mwambo wotere usiyana bwanji ndi kapinga wa maola awiri uja? Nawonso ndi nazale yosaokedwa. Mitengo isanu yothiriridwa iposa mitengo mazana asanu yoombereredwa m'manja.

Kachinai, tchulani maina a osamala. Chinthu cha onse chikasowa wochiyang'anira chikhala cha palibe. Amai ogulitsa pafupi, anyamata a kabaza, ana a sukulu, achinyamata a kumpingo ndi a kumzikiti, onse amene adzapumapo agawane masabata othirira ndi kusesa, ndipo ndandanda yake idziwike. Mutu umodzi susenza denga. Madzi sitisowa, pakuti nyanja ndi mtsinje wa Dwambazi zili pafupi.

Kachisanu, ikani lamulo limodzi losasinthika: pasakhale wolipiritsa, ndipo pasakhale womanga pakati. Amalonda ayale m'mphepete, ndipo adzapindula. Koma tsinde likhale la nkhalamba, la mai wa khanda ndi la mlendo. Paja taona ku San Francisco kuti malo a onse salandidwa ndi nkhondo, alandidwa ndi tebulo limodzi, mawa lachiwiri. Ndipo inu osunga mabwalo a matchalitchi, a mizikiti ndi a sukulu, kumene mitengo yakale yatsalako, musafulumire kuigwetsa pofuna matabwa a mabenchi, kapena kuitsekera m'mpanda kotero kuti wapaulendo asowe popumira.

Kuyankha otsutsa

Tidziwa kuti wina adzati, Ife tili ndi njala, ufa wakwera mtengo, ndipo inu mutiuza za mabenchi? Mbale, ntchitoyi sifuna ndalama za boma kapena za alendo. Ifuna dzenje, mbande, minga ndi ndowa. Ndiponso mthunzi si chinthu cha olemera okha. Wolemera ali ndi khonde lake ndi galimoto yake. Amene apsa ndi dzuwa ndi wosauka, ndipo masamba ndi nsomba zaziwisi zimene agulitsa zionongeka msanga padzuwa koposa pamthunzi. Winanso adzati pamalo otere padzasonkhana alesi ndi oledzera. Koma alesi sasowa pokhala ngakhale lero. Amene asowa ndi odwala ochokera kuchipatala ndi agogo odikira galimoto. Ndipo malo amene akhalapo amai, akulu ndi ana, ali poyera pamaso pa onse, woipa awaopa.

Tsono tiwathokoze amisiri aja a ku San Francisco, pakuti adafunsa funso labwino, nakumbutsa dziko lonse kuti mseu ndi wa anthu. Koma iwo adachedwa; adafunsa phula litaphimba kale nthaka, ndipo chifukwa chake mtengo wao udayenera kukhala mumphika. Ife sitinachedwe. Nthaka ya m'mbali mwa mseu wathu ikali yofewa, mafumu akali ndi mau pa malo, ndipo mitengo ina ya makolo ikali chiimire. M'mera mpoyamba. Nkhaniyi muikambe pabwalo ndi pamsika mwezi uno, malo asanathe kugulidwa. Ndipo mvula ikadza, lipezeke dzenje lokumbidwa kale ndi munthu wodziwika dzina amene adzathirira.